Ambulansiya Yonunkha Makumba

Ana anga, mwakhala mukundivutitsa kuti ndikuuzeni chifukwa chimene bambo wadazi uja, amene anabwera pa tsiku langa la reforuma, lopuma pantchito lija, anandifunsira za nsomba pamaso pa anthu, chikhalirecho ine sindinagulitsepo ngakhale temba limodzi chibadwire. Ndinkakuyankhani kuti muzifunsa za kusukulu. Tsopano ndakhala pansi, mawondo anakana njinga, ndipo mwini wake nkhaniyi wandilola, ndiye ndilemba kuti muleke kundizunguza. Za ubwana wanga sindilemba. Ndinabadwa, ndinadwala chikuku, ndinachira, nkhondo inatithamangitsa. Tiyambire pantchito.

1994, ku Amaramba

Titabwerako ku Malawi kumene tinathawira nkhondo, ndinali ndi zinthu ziwiri zimene akazi anzanga ambiri analibe: ndinkatha kuwerenga, ndiponso ndinkatha kupalasa njinga. Kuwerengako kunandipezetsa ntchito yosesa pa kachipatala kena kufupi ndi nyanja ya Amaramba. Mpaka lero sindidziwa kuti tsache limafuna kuwerenga pati, koma akuluakulu anatero. Kupalasa njinga kokha kunandipezetsa mbiri yoipa, chifukwa masiku amenewo malo a mkazi pa njinga anali kumbuyo, atakhala chammbali, nkhuku ili m'manja.

Shefi wanga woyamba, ndiye kuti bwana wanga, anali a Baptista, namwino wamwamuna amene ankagwira yekha ntchito ya anthu asanu ndipo ankakalipa mokwanira anthu khumi. Pachipatalapo pankasowa chilichonse kupatula odwala. Thonje linkatha, sopo ankatha, magolovesi tinkachita kuwachapa n'kuwayanika pachingwe, mphepo ikawomba ankaoneka ngati akubayibitsa anthu odutsa. Popeza manja ankachepa, a Baptista anandilanda tsache n'kuyamba kundiphunzitsa kuthandiza amayi pochira. Apa ndi pamene ndinaona chinthu chimene chinanditsata moyo wanga wonse wa ntchito. Amayi oyembekezera ankafika mochedwa kwambiri, atanyamulidwa pa chitseko kapena pa machila, atavutika kunyumba mpaka mphamvu zonse kutha. Ena tinkawapulumutsa, ena tinkangowatseka maso. Zimenezi zinkandipweteka, ndipo zimandipwetekabe ndikamalemba pano. A Baptista ankakalipira abale kuti munali kuti nthawi yonseyi, abalewo n'kumangoyang'ana pansi. Inenso ndinkathandizira kukalipako, ndipo mawu anga ankaposa a shefi.

1999, kwa Sumani

Nditaphunzira miyezi ingapo ku vila, tauni imene kuli maofesi a boma, ananditumiza kukakhala wa zaumoyo wa m'mudzi kwa Sumani, m'mbali mwa nyanja ya Chiuta. Ndi mudzi wa asodzi, Asilamu okhaokha, ine ndekha wa kolona. Anandilandira bwino, anandipatsa nyumba pafupi ndi mzikiti, n'kundiuza mwaulemu kwambiri kuti za nyama ya nkhumba ndingoiwala. Kuchokera pamenepo kukafika kuchipatala unali ulendo wa m'mawa wonse wapansi, njira yake yamchenga.

Chaka chomwecho bungwe lina linatibweretsera ambulansiya. Musaganize za galimoto ayi. Inali njinga yokoka ngolo, m'ngolomo muli matiresi, pamwamba denga la lona, m'mbali nsalu zotchinga, yonse yopakidwa utoto woyera, ndi belu lalikulu lomveka mpaka kudooko. Tsiku loipereka kunali zolankhula mpaka dzuwa kupendeka. Amuna anasankhana komite pomwepo: Che Amadu wapampando, wina wachiwiri wake, wina wosunga sipanala, wina wosunga bomba yopopera matayala. Amayi, amene ngoloyo inabwerera, anapatsidwa udindo wolulutira. Lamulo linali limodzi, lakuti ngoloyi ndi ya odwala okha, makamaka amayi oyembekezera, ndipo kiyi wa loko wake anapatsidwa kwa ine.

Ulendo woyamba sindidzauiwala. Che Amadu anamva mphekesera kuti kunyumba ina mtsikana woyembekezera matenda amuyamba. Anabwera chothamanga, anatenga njinga, n'kudutsa pakati pa mudzi akuliza belu, ana ali pambuyo kukuwa kuti wadwala, wadwala. Pofika pakhomopo theka la mudzi linali litasonkhana. Mayi wa mtsikanayo anatuluka n'kufunsa modabwa kuti alendo onsewa akufuna ndani, pano palibe wodwala. Kenako mtsikanayo anatuluka yekha, anatenga munsi, n'kuyamba kusinja chimanga pamaso pa anthu onse, thukuta lili kamukamu, mano atalumana. Anasinja mpaka gulu lonse litabalalika, n'kulowa m'nyumba kukachira. Mwamwayi zinayenda bwino, koma kuyambira tsiku limenelo panalibenso anaitanitsa ngolo.

Chifukwa chake ndi ichi. Kwathu kuno matenda a uchembere akayamba sauza anthu. Amadziwa mayi wa mtsikana, mayi wake wamng'ono ndi mzamba basi, mwamuna amangomuuza kuti akaone ukonde kunyanja. Amati wamtima woipa akamva amakamanga mfundo pa udzu, mwana n'kukakamira m'mimba. Mwambo umenewu ndinkaudziwa bwino, inunso nonse ndinakuberekani mobisa, koma munthu akavala yunifomu amaiwala zimene amachita akavala kapulana, chitenje chathu chija. Ndinkaitanitsa misonkhano n'kumalalikira kuti mfundo ya udzu siingatseke njira ya mwana. Amayi ankagwedeza mitu, ankalulutira monga mwa udindo wawo uja, n'kubwerera kunyumba kukachita zomwe ankachita kale. Ngolo inangokhala pakhonde panga mpaka nkhuku yanga inaikira mazira pamatiresi n'kuswa anapiye. Chaka chonsecho ambulansiya inathandiza mayi mmodzi yekha, ndipo anali nkhukuyo.

Zinkaseketsa mpaka pamene anamwalira Patuma, mnansi wanga amene ankanditungirako madzi ndikachoka. Anavutika m'nyumba mwake ine osadziwa, ngolo ili pakhonde panga, malo oti ukaitana munthu amamva. Atandiitana kunali kutatha kale. Ndinalira, ndipo ndinaida ngolo ija ndi utoto wake woyera womwe.

2000, nsomba

Pamudzipo panali mayi wina dzina lake Abiti Mussa, wamfupi, wamphamvu, pakamwa posatseka. Ntchito yake inali yowamba makumba ndi kuyanika matemba. Kwa Sumani akazi ndi amene ankawamba nsomba, maso kufiira ndi utsi, koma kumsika ankapita nazo ndi amuna chifukwa njinga zinali zawo, ndipo zimene zinkachitika pakati pa msika ndi kunyumba ankazidziwa ndi amuna omwewo. Tsiku lina nthawi ya dzinja Abiti Mussa anandipeza pakhonde. Anati amuna awo awolokera ku Malawi ndi njinga, makumba ayamba kugwa nkhungu, ndiwabwereke ngolo akagulitse kumsika wa pafupi ndi chipatala. Ndinakana, n'kuwafotokozera lamulo lonse monga ndinalimvera ku vila. Anandimvetsera mpaka kumaliza, n'kundifunsa modekha kuti, “Nanga nkhuku ija, a Marita, inayamba liti sikelo?”

Ndinagonja. Ndinangowapempha kuti titseke nsalu zonse kuti anthu asaone nsomba n'kukandinenera, ndipo ndinapalasa ndekha kuti a komite asadziwe. Titatulukira pamsewu mudzi wonse unaima. Amayi anayamba kuyang'anana mimba kuti aone amene wasowa, koma oyembekezera onse analipo, ena pamjigo, ena pamtondo. Anthu anatitsata mwakachetechete mpaka mphepo inatembenuka n'kuwafikitsira fungo la makumba. Kuseka kwake kunali kwa tsiku limenelo, ena mpaka kukhala pansi. Ine manyazi anandigwira, koma Abiti Mussa anayenda monyada ngati mwini galimoto.

Sabata yotsatira anabwera amayi ena ndi madengu awo. Sindikanatha kupalasira aliyense, ndiye ndinayamba kuwaphunzitsa njinga kudambo madzulo. Anagwa, anang'amba makapulana, wina anakalowa nayo m'munda wa mpunga, koma anaphunzira. Amuna anakadandaula kwa a Shehe kuti akazi ayamba kukwera njinga ngati anyamata. A Shehe anaganiza kwakanthawi, n'kunena kuti sanapezepo poletsa, ndipo anthu sanachedwe kukumbukira kuti nsomba za akazi a Shehewo zinali m'ngolo momwemo. Wosunga bomba anakwiya n'kuibisa, koma tsiku lomwelo mkazi wake anabwera nayo kwanga ataibereka kumbuyo ndi kapulana. Posakhalitsa ngolo inkatuluka pafupifupi tsiku lililonse, nsalu zotseka, belu likulira, ndipo panalibenso wodzutsa mutu. Ana omwe anasiya kuithamangira. Aliyense ankangoti ndi nsomba za Abiti Mussa.

Ndikanakonda kulemba kuti zotsatirazi ndinaziganiza ndine, koma nzeru imeneyi siinachoke m'mutu mwanga. Tsiku lina m'mawa mayi wina anandipeza kuseri kwa nyumba ndikutsuka mbale. Anandifunsa monong'ona ngati nsomba zikupita lero, ndinati zikupita. Anafunsanso ngati malo a dengu limodzi lalikulu angapezeke. Ndinamuyang'ana, iye n'kuyang'ana kumpanda wa bafa, ndipo pamenepo panali mwana wake wamkazi atagwira nsungwi, akupuma movutika. Tinamugoneka pamatiresi, madengu a nsomba tinawaika kumiyendo ndi padenga, ena kuwapachika m'mbali, n'kutseka nsalu. Tinadutsa pakati pa mudzi belu likulira, anthu n'kumatifunsa ngati makumba atsika mtengo. Mtsikanayo anakachirira kuchipatala, ndipo palibe anadziwa mpaka atabwerako ndi mwana.

Kuyambira pamenepo amayi anakonza zawo popanda msonkhano, popanda wapampando. Anagwirizana kuti ngolo isamagone, izituluka kawirikawiri ngakhale ndi dengu limodzi la chinangwa, kuti tsiku loona lisasiyane ndi masiku ena. Ankachapa okha matiresi, ankadzoza okha tcheni. Dona Celeste, mzamba wa kuchipatala, ankati amayi a kwa Sumani amawadziwira kumphuno asanawaone nkhope. Ku vila ndinkanena zoona kuti amayi ayamba kubwera kuchipatala, ndipo ankandiyamikira kuti misonkhano yanga yagwira ntchito. Za nsomba sanandifunse, inenso sindinaziyambitse.

2001, a Armando

Chaka chimenechi tinalandira shefi watsopano woyang'anira ife a m'midzi, a Armando, mnyamata wa ku Lichinga wokonda malaya oyera ositasita. Sanali munthu woipa, ndipo ndikufuna muzimve bwino zimenezi. Kumene ankagwira ntchito kale, amuna anaithetsa ambulansiya ndi matumba a simenti ndi nkhuni, ndipo tsiku limene inafunika inali yothyoka, mayi wina n'kufera panjira. Ndiye pamsonkhano woyamba ku vila analumbira kuti ngolo iliyonse yopezeka ndi katundu adzailanda n'kuipereka mudzi wina, woisungayo ntchito n'kuthera pomwepo. Anzanga anawomba m'manja. Inenso ndinawomba, koma pang'onopang'ono, kuopa kuti fungo la m'manja mwanga lingawafike. Che Amadu, amene upampando wawo unali utangotsala dzina, sanachedwe kutumiza mawu ku vila.

Nthawi imeneyo Asiyatu, mwana wa mchemwali wa Abiti Mussa, anali ndi pakati pachiwiri. Mwana wake woyamba anafera m'mimba kunyumba, iye n'kupulumukira mkamwa mwa imfa, ndipo Dona Celeste anali atanenetsa kuti ulendo uno akangochirira kunyumba tidzamuika m'manda. Vuto linali lakuti Asiyatu anali pamitala, ndipo mayi ake ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti mwana woyamba uja anamangidwa ndi mkazi mnzake. Anandilumbiritsa kuti pakamwa panga pasatuluke kanthu kwa munthu aliyense, ndipo anati wina akangodziwa, mwana wawo amutsitsa m'ngolo n'kubwerera naye m'nyumba. Ndinkawadziwa mayiwo, sankalankhula zongoopseza.

Matenda anayamba m'mawa wina wa mwezi wa Okutobala, dzuwa litatuluka ndi ukali. Tinamulowetsa m'ngolo kuseri kwa nyumba yanga monga mwa nthawi zonse, makumba kumiyendo, padenga ndi m'mbali. Mayi ake anatenga khasu n'kudzera njira ina ngati akupita kudimba. Abiti Mussa anakwera njinga, ine ndikuyenda pambali. Titafika pamtengo wa mango wa pafupi ndi mzikiti, pamene amuna amasokera maukonde, ndinaona malaya oyera ataima pakati pa msewu. Mota, njinga yamoto ya ku ofesi, inalibe mafuta a gazolina mwezi umenewo, ndiye a Armando anali atabwera mwakachetechete atakwezedwa pa njinga ya munthu. Pambali pawo panali Che Amadu atavala chipewa cha Lachisanu pa Lachiwiri. Anthu anayamba kusonkhana, ndipo pakati pawo ndinaona mkazi mnzake wa Asiyatu, ndowa ili pamutu.

“Dona Marta,” anatero a Armando, akunditchula mwa Chipwitikizi, “m'ngolomo muli chiyani?”

Pa zaka zanga zonse za ntchito sindinafunsidwepo funso lophweka chotero. Ndikanangoti muli wodwala, bwenzi atapatuka okha, mwina n'kundiyamikira pamaso pa anthu, Che Amadu n'kuchita manyazi. Ntchito yanga inali pamenepo, inuyo muli kusukulu, bambo anu atamwalira kale. Koma ndinadziwa kuti mawu amenewo akangotuluka, Asiyatu abwerera m'nyumba ija anafera mwana wake, ndipo kuyambira tsiku limenelo dengu lililonse lotuluka m'mudzimo anthu azidzalisuzumira. Ngolo ikanabwerera kwa nkhuku.

“Nsomba, a shefi,” ndinayankha.

Anatambasula dzanja kuti atsegule nsalu ya m'mbali, koma Abiti Mussa anali atadumpha kale panjinga. Anatsegula okha nsalu ya kumiyendo, anasolola kumba lalikulu lowamba bwino n'kuliika pafupi ndi mphuno ya shefi, akuwatsatsa kuti alawe, la dzulo lomweli, mafuta okhaokha. A Armando anabwerera m'mbuyo kuteteza malaya. Kenako anayamba kulankhula. Analankhula m'Chipwitikizi, Che Amadu akumasulira ndi kuwonjezera zawo, za katundu wa boma, za amayi amene amafa chifukwa cha dyera la anthu ngati ife. Zonse zimene ankanena zinali zoona, ndipo n'chifukwa chake zinkandiwawa. Koma ine mtima unali m'ngolo, mmene munali zii. Akazi a kwathu salira pochira, amaluma nsalu, ndipo ndinkadziwa kuti Asiyatu akuluma yake. Nditaona kuti mawu sakutha, ndinachita mwano umene sindinachitirepo shefi aliyense. Ndinati ngati akulanda alande msanga, nsomba zingaonongeke ndi dzuwa.

Anthu anati haa. A Armando nkhope inasintha. Anandiuza kuti ndipereke kiyi, ndipo ntchito yanga yatha. Che Amadu anadzipereka kuti atsitse madengu onse pomwepo. Koma a Armando anawaletsa. Anati pasachoke ngakhale temba limodzi, ngolo ipita kuchipatala mmene ililimu kuti akuluakulu akaone umboni ndi maso awo, ndipo popeza munthu wa kwa Sumani sangamukhulupirirenso, apalasa okha. Sindinayambe ndakondapo kuuma mutu kwa munthu ngati tsiku limenelo. Anapinda buluku, anakwera, anaponda, njinga osasuntha. Anaimirira n'kupondanso ndi mphamvu zonse, n'kutembenukira kwa anthu kuti aone okha kulemera kwake, tikufuna kuthyola ngolo ya boma ndi nsomba. Mudzi wonse unaseka. Mkazi mnzake wa Asiyatu anaseka mpaka madzi kutayikira kumsana. Abiti Mussa analengeza kuti kumene kukupita nsomba zawo iwonso apita, ndipo tonse awiri tinatsatira, tikukankha ngolo pamchenga.

Panjira sindikanatha kunena kanthu, chifukwa anyamata ena anatiperekeza mpaka kudambo akuimba, ndipo tinkakumana ndi anthu ochokera kuminda. Titawoloka dambo tinatsala tokha. Pamkuyu waukulu umene uli pakati pa ulendo, a Armando anaima. Malaya aja anali atamatirira kumsana. Anakhala pamuzu, anavula nsapato kukhutula mchenga, n'kuyamba kutifotokozera mofatsa za mayi uja anafera panjira, kuti anali msinkhu wa mlongo wawo, kuti amamulotabe. Misozi inali pafupi. Ine ndinkalimbana ndi lumbiro langa, pakamwa ndikutsegula n'kutsekanso, pamene m'kati mwa madengu munatuluka mawu aang'ono, aulemu kwambiri.

“A shefi, pepani. Palasani.”

A Armando anayang'ana madengu. Anayang'ana ine. Anayang'ana Abiti Mussa, amene anangoti, “Mwamva.” Anavala nsapato imodzi, inayo anaiiwala pomwepo, n'kuyamba kumasula madengu a padenga kuti ngolo ipepuke. Abiti Mussa anawagwira dzanja n'kuwauza kuti madenguwo ndi chitseko cha mwanayo, akachoka aliyense wodutsa adziwa. A Armando anawayang'ana kamphindi, anamanganso chingwe, n'kukwera. Kupalasa kumene ndinaona tsiku limenelo sindinakuonenso. Ife awiri tinkathamanga pambuyo, makapulana m'manja, nsapato ya shefi ili kukhwapa kwanga. Pokwera kamtunda tinakumana ndi bambo wina wa kwa Sumani akuchokera kumsika. Anapatuka mwaulemu n'kufunsa kuti a shefi anyamula chiyani chothamanga nacho chotero. A Armando, osacheuka, mawu akudukaduka, anakuwa kuti, “Nsomba!”

Titafika kuchipatala tinapeza Asiyatu atalowa kale, a Armando ali pakhonde, phazi limodzi lotupa. Zinavuta m'katimo. Mwana anatuluka dzuwa litapendeka, wamkazi, wosalira, ndipo Dona Celeste analimbana naye mpaka analira. Atatuluka kudzasamba m'manja anangoti tikanachedwa pang'ono bwenzi tikunena zina. Ndinakhala pansi n'kulira ngati mwana, Abiti Mussa akundikalipira kuti ndikuchititsa manyazi, chonsecho iwonso akupukuta m'maso. A Armando anandifunsa chifukwa chimene sindinawauzire zonsezi ku vila. Ndinati ndinkaopa kuti alanda ngolo. Anaganiza pang'ono n'kuvomera kuti akanalandadi. Anafunsa Dona Celeste kuti ndi amayi angati amabwera motere, iwo anati onse a kwa Sumani. Anapisa m'thumba, anaika kiyi m'dzanja langa, ine n'kuwapatsa nsapato yawo.

Panatsala vuto limodzi. Munthu amene analankhula mawu onse aja pamtengo wa mango akanaibweza bwanji ngolo popanda kunena chifukwa? Akananena zoona, bwenzi mudzi ukuwatama kuti anapulumutsa moyo, koma chinsinsi cha amayi chikanathera pomwepo. M'mawa mwake anaipalasa okha kubwerera nayo, anaima pamalo omwe aja, n'kulengeza ndi nkhope youma kuti ataganizira bwino aona kuti njinga ikamangokhala imachita dzimbiri, choncho kwa Sumani nsomba ziziyenda. Anangolamula kuti matiresi akutidwe ndi pulasitiki, katundu asamachuluke, ndipo sipanala ndi bomba zizisungidwa ndi amene amapalasa. A Armando anawasiyira Che Amadu upampando wawo. Amuna anayang'anana, ndipo pofika madzulo nkhani inali itapsa kale: ena ankati Abiti Mussa anawadyetsa makumba panjira, ena ankati anaopa pakamwa pawo. Anawapatsa dzina lakuti Shefi Makumba. Dzinalo linakafika ku vila, linawatsata atakwezedwa pantchito, ana a sukulu ankawaitana nalo akadutsa pa mota. Munthu wonyada ngati uja analisenza zaka zonsezi, osadziyeretsa ngakhale kamodzi.

Asiyatu anabwerako patapita masiku, anthu n'kuuzidwa kuti anapita kukaona abale ndipo matenda anamupezera pafupi ndi chipatala. Ndikukhulupirira kuti amuna ambiri anadzazindikira pambuyo pake. Amuna si opusa monga timawanenera pamjigo. Koma nawonso anatopa ndi kukumba manda a akazi awo, ndiye anasankha kumaona nsomba.

2023, reforuma

Kwa Sumani ndinakhalako mpaka tsitsi kuyera. Mashefi anabwera n'kupita, ena abwino, ena ongodziwa kufunsa nkhuku. Ngolo yoyamba ija inatha, inabwera ina, kenako yokokedwa ndi mota, ndipo amaiyendetsa ndi mwana wamkazi wa wosunga bomba uja. Atsikana a masiku ano ali ndi mafoni, ambiri amaseka za mfundo ya udzu, komabe akamapita kukachira amapachika kadengu m'mbali. Amati n'chizolowezi chabe, ine sinditsutsana nawo.

Zaka zonsezi, ndikakumana ndi a Armando ku vila, moni wawo unali umodzi: nsomba zija zili bwanji? Ndinkayankha kuti zayamba kukwawa, zayamba sukulu, zikuvuta ndi masamu, zamaliza sukulu, zakwatiwa. Omva ankaganiza kuti akulu awiriwa mitu yayamba kuzungulira. Pa tsiku la reforuma anabwera osaitanidwa, dazi lili phee, ndodo m'manja, malaya oyerabe. Anafunsa funso lawo lija pamaso pa anthu, ine ndinangoti zili bwino, ndipo inu munayang'anana. Zimene simunamve ndi zimene ndinawauza powaperekeza kugalimoto. Lero ndingathe kulemba chifukwa mwanayo anabadwa kale ndipo akuyenda. Ndinawakokera pambali n'kuwanong'oneza kuti, “Zili ndi pakati, a shefi. Koma musauze munthu.”

Anaima. Anayang'ana miyendo yawo ndi ndodo ija, n'kunena kuti ulendo uno apalase ena, iwo miyendo inatha. Maso awo anali atadzaza misozi, anga chimodzimodzi. Dalaivala wawo, mnyamata wachidwi, anasuzumira pawindo n'kufunsa kuti akuluakulu mukunong'onezana chiyani chokuliritsani chotere.

A Armando anapukuta m'maso ndi mkono wa malaya oyera aja, anatsegula chitseko, n'kumuyankha kuti, “Nsomba.”